Njere za tsabola sizikuuzani dzina lake

Sabata sitha osabwera munthu ndi tinjere m'kapepala, kapena kunditumizira chithunzi pa foni, n'kufunsa kuti, "Alangizi, ameneyu ndi Carolina Reaper weniweni?" Ndatopa nalo funsoli. Palibe amene angadziwe mtundu wa tsabola pongoyang'ana njere. Za habanero, za ghost pepper ndi za jalapeño zonse n'zaphwatalala, zotuwira chikasu, zofanana ngati mapasa. Wodziulula ndi njere ndi tsabola wotchedwa rocoto yekha, poti zake n'zakuda.

Dikirani mbewu ichite maluwa. Tsabola wowawa koopsa, monga habanero, Scotch bonnet, Trinidad Moruga Scorpion ndi Reaper, ndi wa banja la Capsicum chinense. Banjali limatulutsa maluwa awiri, atatu kapena kuposa pamfundo imodzi ya nthambi, ndipo pamene phesi lakumana ndi chipatso pamakhala pofinyika ngati panamangidwa ulusi. Jalapeño ndi cayenne, a banja la annuum, amaika duwa limodzi loyera pamfundo. Ngati mbewu imene anakuuzani kuti ndi Reaper ikungotulutsa duwa limodzilimodzi mfundo zonse, anakupusitsani. Reaper akabereka, khungu lake limakhala lokwinyika, lamatuzamatuza, ndipo kumapeto amakhala ndi kamchira kosongoka.

Musadalirenso lilime. Pa muyeso wa ukali wa tsabola umene Wilbur Scoville anayambitsa mu 1912, jalapeño amakhala pakati pa 2,500 ndi 8,000, habanero pakati pa 100,000 ndi 350,000. Bhut jolokia wa ku India, ghost pepper uja, anadutsa 1 miliyoni mu 2007, ndipo Reaper, amene Ed Currie anamupanga ku South Carolina, ku America, ali cha pa 1.6 miliyoni. Pakamwa pakayaka moto, mungasiyanitse bwanji 300,000 ndi miliyoni?

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi wina amene anabzala Reaper weniweni mzere woyandikana ndi habanero. Zipatso zinatuluka zokongola, zamichira yake. Anasankha zakupsa bwino, anayanika njere mosamala, anafesa, n'kugulitsa mbande kwa anzake. Nyengo yotsatira zina zinabereka zokwinyika, zina zosalala zopanda mchira. Anthu anamutcha wakuba. Sanabe kanthu mayiyo. Njuchi ndi zimene zinanyamula mungu kuchoka pa habanero. Mungu wachilendo susintha chipatso cha chaka chino, umabisala m'njere, n'kudzaonekera mwa ana. Ine ndinadutsa m'dimba mwake tsabola ali maluwa okhaokha, ndinayamikira masamba obiriwira, koma za kuphimba maluwa sindinatchule. Mpaka lero ndimadziimba mlandu.

Choncho sankhani nthambi imene maluwa ake sanatseguke, muiveke kathumba ka neti yothina maso, mumange kukamwa. Muzigwedeza nthambiyo pang'ono tsiku lililonse kuti duwa lidzipatse lokha mungu. Kachipatso kakaoneka, chotsani kathumbako, mumange ulusi wamtundu paphesi. Njere za mbewu zichokere m'zipatso zaulusi zokhazo, zikapsa kotheratu. Zosapsa njere zake sizinakhwime.

Podula valani magolovesi a nitrile, poti a latex amalowetsa ukali. Ukaliwo, capsaicin, umakhala kwambiri m'kamnofu koyera kamene njere zimamatirirapo, pomwe zala zanu zikupita. Madzi okha sauchotsa; pakani mafuta ophikira kenako sambani ndi sopo. Ukalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri aukhondo, ndipo ululu ukapanda kuchepa pitani kuchipatala, osati kuthiramo zimene wakuuzani mnzanu.

Ndipo chonde musachedwe. Ndaona anthu akusiya zipatso m'pulasitiki sabata ziwiri, ati adzachotsa njere akapeza mpata, n'kukapeza zonse zachita nkhungu. Chotsani njere tsiku lomwelo, yalani pambale pamthunzi podutsa mphepo, sabata imodzi kapena ziwiri. Njere youma imathyoka mukaipinda, ikangopindika, sinaume. Ikani m'envulopu ya pepala, lembani dzina ndi chaka, mutsekere m'botolo pamalo ozizira ndi amdima. Zikatero zimamera bwino zaka ziwiri kapena zitatu.

Otsatsa njere pa Facebook ndiye achenjereni kwambiri. Amaika zithunzi za tsabola wabuluu ngati utoto, amene kumunda kulibe. Ena amati ali ndi Pepper X, amene anaposa Reaper mu 2023 pofika pafupifupi 2.7 miliyoni pa muyeso wa Scoville, chonsecho pomulengeza mwini wake sanatulutse njere zake pamsika. Otsatsawo akudziwa kuti tsabola wa mtundu umenewu amatha kutenga mwezi wathunthu kuti amere, ndi miyezi inanso ingapo kuti abereke. Mukamadzaona chipatso choyamba chili chosalala, nyengo yapita, fetereza wapita, ndipo nambala ya wogulitsayo siikupezekanso.