Chipinda cha ana odwala mwakayakaya ku Queens chinayamba bwanji

Anthu ambiri akamva dzina la Mercy James Centre amangoganiza za Madonna. Sakulakwa: bungwe lake la Raising Malawi ndilo linapereka ndalama zomangira nyumbayi, yochitiramo opaleshoni ya ana ndi kusamaliramo ana odwala mwakayakaya, pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth (Queens) ku Blantyre, ndipo dzinalo ndi la mwana amene iye anamutenga kuno kukamulera. Inatsegulidwa pa 11 July 2017, pamaso pa Pulezidenti Peter Mutharika. Koma ntchito yopulumutsa ana amene moyo wawo uli pachiswe inayamba kale pachipatalachi, nyumbayo isanaganiziridwe n'komwe.

Kale mwana akafika ku Queens ankaima pamzere ngati wina aliyense. Wokomoka ndi malungo, wobanika ndi chibayo, onse ankadikira limodzi ndi wa chimfine, ndipo ena ankatsirizika ali kumsana kwa mayi awo. Pulofesa Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana, ndi anzake anasintha zimenezi. Mu 2001 kunatsegulidwa malo olandirira ana odwala mwadzidzidzi, ndipo anamwino anaphunzitsidwa kuyang'ana mwana aliyense pakhomo pomwe: akupuma bwanji, wakomoka kodi, madzi atha m'thupi? Wodwalitsa ankalowa poyamba. Imfa za ana zinatsika, ndipo njirayi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO linaifalitsa m'mayiko ena. Kwa ine, apa ndi pamene mbiriyi imayambira, ngakhale sipanadulidwe riboni yotchuka.

Vuto linatsala kwa mwana wofunika makina omuthandiza kupuma, makamaka akachoka ku opaleshoni yaikulu. Iye ankalimbirana ndi akuluakulu mabedi ochepa a m'chipinda chimodzi cha odwala mwakayakaya (ICU). Pulofesa Eric Borgstein, dokotala wa opaleshoni ya ana amene anakulira m'dziko muno (mayi ake, Dr Ankie Borgstein, analinso dokotala wa ana pa Queens pompo), anaona zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo ndiye anagwira ntchito ndi Madonna mpaka nyumbayi inaima.

Mercy James inabweretsa ICU ya ana yoyamba m'Malawi, zipinda 3 za opaleshoni ndi wodi ya mabedi 50. Makina okha sachiza, choncho panafunikanso kuphunzitsa madokotala ndi anamwino odziwa kuyang'anira mwana mmodzi usiku wonse, kuwerenga okosijeni m'magazi ndi kuyeza mankhwala molingana ndi kulemera kwa kamwanako. ICU imeneyi inayamba ndi mabedi 6, m'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni, pafupifupi theka lawo ana.