Mauthenga akuyenda koma failo ikukana kupita

Anthu ocheza pa IRC, njira yochezera pa intaneti polemberana mauthenga, amandifunsa kawirikawiri: mauthenga akuyenda bwinobwino, nanga bwanji failo ikungoima pa ziro mpaka kulephereka? Ambiri amathamangira kuzimitsa firewall yonse, chitetezo chimene chimatchinga zofuna kulowa mu kompyuta kuchokera pa intaneti. Chonde musatero. Kumeneko n'kugwetsa mpanda chifukwa mlendo mmodzi wasowa polowera.

Mauthenga ndi mafailo sayenda njira imodzi. Mukamalemba, kompyuta yanu ndi imene imapita kukagogoda kwa seva (kompyuta imene imalumikiza ochezawo), kawirikawiri pa port, kutanthauza khomo lokhala ndi nambala, 6667 kapena 6697, ndipo firewall sivutitsa wotuluka. Failo imadzera njira yotchedwa DCC, kuchoka kwa inu kukafika kwa mnzanu osadutsa pa seva. Apa zinthu zimatembenuka. Wotumiza amatsegula khomo, amauza mnzake adiresi ya IP ndi nambala ya port, kenako amadikira kuti wolandirayo abwere kudzatenga. Firewall ya wotumiza imamuona wolandirayo ngati mlendo wosaitanidwa, n'kumubweza. N'chifukwa chake munthu amatha kulandira mafailo koma osatha kutumiza.

Choncho wokonza ndi wotumizayo. Mu mIRC kapena HexChat (mapulogalamu ochezera pa IRC), uzani pulogalamuyo kuti DCC izigwiritsa ntchito ma port ochepa okha, tinene 5000 mpaka 5010. Khumi ndi limodzi ndi okwanira, palibe chifukwa chotsegulira zikwi. Pa Windows, tsegulani wf.msc, pitani pa Inbound Rules, New Rule, sankhani Port, TCP, lembani 5000-5010, kenako Allow the connection. Pa Ubuntu ndi mzere umodzi: sudo ufw allow 5000:5010/tcp.

Mpanda wachiwiri, umene ambiri amauiwala, ndi rauta, chipangizo chimene chimagawa intaneti m'nyumba. Pa gawo la Port Forwarding lozetsani manambala omwewo ku adiresi ya kompyuta yanu ya m'nyumba, ndipo muikhazikitse kuti isamasinthe. Manambala akasiyana pamalo amodzi mwa atatuwa, palibe chiyende.

Onaninso adiresi imene pulogalamu ikulengeza. Ikamauza mnzanu 192.168.1.5, ndiye kuti ikumupatsa nambala ya chipinda osamuuza mudzi. Mu mIRC, pa Local Info, sankhani Server kuti izitenga adiresi imene anthu akunja amaiona.

Amene amadalira intaneti ya pafoni kapena ka MiFi ali ndi vuto lina. Makampani ambiri a mafoni amaika makasitomala ambirimbiri pa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT, ndipo khomo lakunjalo silili m'manja mwanu. Zikatero yesani passive DCC: wolandira ndi amene amatsegula khomo, inu n'kumutsatira. Nonse awiri mukakhala kuseri kwa CGNAT, musadzivutitse, ikani failoyo pa Google Drive n'kutumiza linki.

Pomaliza, mu pulogalamu ya IRC zimitsani kabokosi kololeza kulandira mafailo mosafunsa. Ndaonapo makompyuta atalowa vairasi chifukwa cha kabokosi kamodzi kameneka, ndipo firewall siyang'ana zimene zili m'kati mwa failo imene mwailola nokha.