Mtovu wa mu dothi la ku Kabwe: yezetsani ana, funsani za puloti musanamange

Amene muli ku Kabwe kapena muli ndi abale kumeneko, makamaka ku Kasanda, Chowa, Makululu ndi Mutwe Wansofu, uthenga uwu ndi wanu. Werengani mpaka pansi kenako muuzeko anzanu.

Mgodi wa mtovu (lead pa Chingerezi) ndi zinki wa ku Kabwe, tauni yomwe kale inkatchedwa Broken Hill, unagwira ntchito zaka pafupifupi 90 mpaka unatsekedwa mu 1994. Geti anatsekadi koma poizoni anatsala. Utsi wa ng'anjo yosungunulira miyala unkagwera m'makomboni kwa zaka zambiri, ndipo chimulu cha zinyalala za mgodi chija anthu amati Black Mountain chilipobe, mphepo ya mu Ogasiti ikangoomba fumbi lake limakathera pakhonde, m'mbale, pa matewera oyanika pachingwe. Mtovu suwola ngati manyowa ayi, ukalowa mu dothi wakhala basi mpaka wina adzauchotse kapena kuukwirira.

Nde nkhani ya ndalama zoyezera dothi musamaione ngati ya mabwana a m'maofesi okha. Mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni ku boma la Zambia ya pulojekiti ya ZMERIP, yokonza malo oonongeka ndi migodi ku Kabwe, Kitwe, Mufulira ndi Chingola, ndipo ku Kabwe ina mwa ndalamayo inali yoyeza magazi a ana, kupereka mankhwala komanso kukonza mabwalo a nyumba ndi masukulu. Oyeza dothi amabwera ndi kamakina ka m'manja kotchedwa XRF, amangokagunditsa pansi, pakangopita kanthawi pang'ono nambala yatuluka, dothi lina amalitengera ku labu. Pakapezeka mtovu wambiri amapala dothi la pamwamba nkuthira latsopano, kapena kubzala kapinga, kapena kuwaka simenti. Ku America malo ngati awa amawatcha brownfields ndipo bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA limapatsa mizinda ndalama zoti iyeze kaye isanamangepo nyumba. Nzeru yake ndi yomweyo, ndi maso simungadziwe, dothi loipa ndi labwino limaoneka chimodzimodzi.

Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi ana osakwana zaka 6 ndi amayi oyembekezera. Tangomuonani mwana wokwawa, dzanja pansi dzanja mkamwa tsiku lonse, kachidole kagwa pafumbi watola waluma. A WHO amati thupi la mwana limayamwa mtovu kuwirikiza ka 4 mpaka 5 kuposa la munthu wamkulu, ndipo palibe mlingo wa mtovu m'magazi womwe tinganene kuti uwu ndiye ulibe vuto. Umakaunjikana m'mafupa ndi m'mano kwa zaka, mayi akatenga pakati umatuluka m'mafupamo nkukafika kwa mwana wa m'mimba. Amayi okonda kudya dothi mukakhala ndi pakati, chonde siyani, ndikudziwa chilakolako chake sichocheza koma kawauzeni a nesi ku sikelo, nthawi zambiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi.

Chopweteka nchoti ana ambiri saonetsa chizindikiro chilichonse. Ena amadandaula m'mimba, kudzimbidwa, kusafuna kudya, kufooka, kulira pafupipafupi, magazi kuchepa. Ena amangochedwa kuyankhula kapena kusukulu sizikulowa, ife nkumati mwanayu ndi mbuli, pena kumukwapula kumene, chonsecho ndi ubongo womwe wavulala ndipo ukavulala subwerera mwakale. Mtovu ukachulukitsa mwana amakomoka ngati wa khunyu mpaka kumwalira, mukaona zimenezo thamangirani kuchipatala, osayamba mwapita kwa asing'anga.

Pakhomo chitani izi. Musasese pouma, wazani madzi kaye, m'nyumba kolopani ndi chisanza chonyowa. Nsapato zizitsala pakhomo. Ana azisamba m'manja ndi sopo asanadye komanso asanagone, zala muziwawenga, wakhanda muzimukhazika pa mphasa osati pa dothi. Amene amakatola miyala ku chimulu chija kapena kuphwanya mabatire akale a galimoto asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, zovalazo zichapidwe pazokha. Mwana wanjala amayamwa mtovu wambiri nde asamakhale m'mimba mopanda kanthu, mpatseni kapenta, nyemba, mazira, mkaka, bonongwe, zakudya za ayironi ndi kashiyamu zimathandiza. Masamba a m'dimba tsukani bwinobwino, ndipo ngati nkotheka bzalani m'matumba a dothi lochokera kutali. Kuwiritsa madzi kumapha majeremusi koma sikuchotsa mtovu. Njerwa za dothi la pafupi ndi mgodi musaumbe.

Kuyeza mwana nkosavuta, amabaya pachala nkutenga kadontho ka magazi. Nambala ya kuchuluka kwa mtovu m'magazi ikayambira pa 5 µg/dL ndiye kuti pakufunika kufufuza komwe mtovuwo ukuchokera, ikafika 45 madokotala amaganizira mankhwala ochotsa mtovu m'thupi, ndipo amenewa ndi a kuchipatala okha, osagula mwa inu nokha. Koma mwana akamwa mankhwala nkubwereranso pabwalo lomwelo la fumbi, nambala ija imakweranso. Nchifukwa chake mukapita kukayezetsa mufunsenso ku khonsolo kapena ku ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ngati dothi la dera lanu linayezedwa ndipo zotsatira zake zinali zotani, ndipo amene mukufuna kugula puloti pafupi ndi mgodi kapena fakitale yakale funsani funso lomweli musanapereke ndalama.