Kampu ya holide siichiza autism, koma mayi amapumako

Ndatopa nalo funso ili: "Asisi, ndikamutumiza ku kampu abwerako akuyankhula?" Ayi mayi. Ntchito yanga ndi occupational therapy, kuthandiza anthu kuti azitha zochita za tsiku ndi tsiku. Ana a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kuyankhula ndi kucheza ndi ena, ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku, ndipo autism ilibe mankhwala ochiza. Si ufiti, si tchimo lanu, si katemeranso. Kafukufuku uja wa 1998 wonamizira katemera wa MMR (woteteza ku chikuku, mumps ndi rubella) kuti amayambitsa autism, magazini ya zachipatala ya Lancet inamuchotsa mu 2010 koma mpaka lero akuzungulirabe pa WhatsApp.

Pali mayi wina wa ku Mufakose mumzinda wa Harare amene sandichoka m'mutu. Anabwera mwana ali ndi zaka 7. Zizindikiro anaziona ali ndi zaka 2, kumuitana dzina osatembenuka, osaloza chinthu ndi chala, koma apongozi anati anyamata amachedwa kuyankhula, ndiye zaka zisanu zinathera kwa aneneri ndi mphini za asing'anga, ndalama za pa musika zonse kupita konko. Tsiku limenelo mwana anali pansi pa tebulo langa atatseka makutu chifukwa cha hutala wa kombi panja. Mayi ake maso ali psuu, akuti chitsekereni sukulu mu Disembala sanagonepo usiku wathunthu. Ndinangowafunsa kuti inuyo mwadya lero? Analira.

Phindu la kampu lili pamenepo. Sukulu ikatseka ndondomeko ya mwana imasokonekera, ndipo kwa ana awa chimenecho ndi chinthu chachikulu. Kampu ya masana, gulu laling'ono, kudya ndi kusewera nthawi yomweyomweyo, mwana amakhazikika, inu mumapeza maola angapo ogona kapena ogulitsa ku Mbare mtima uli m'malo. Musanalipire funsani: wamkulu mmodzi akusamalira ana angati? Kuli chipinda chachete? Geti amatseka? Ngati kuli dziwe losambira funsani kawiri, ana ambiri a autism amazemba mwakachetechete ndipo amakonda madzi.

Wokulonjezani kuti mwana ayankhula pa milungu iwiri, kapena wogulitsa madontho a MMS, muthaweni. MMS ndi bulichi, imawotcha m'mimba.

Mukaona zizindikiro musadikire, pemphani ku kiliniki kalata yopita ku Children's Rehabilitation Unit, gawo lothandiza ana a mavuto a kakulidwe, ku chipatala cha Sally Mugabe, paja timati ku Gomo. Ndipo inuyo ngati maganizo akukusowetsani tulo, chija anzathu achishona amati kufungisisa, funsani pa kiliniki ya kanselo za agogo a Friendship Bench, omwe anaphunzitsidwa kupereka uphungu, kucheza nawo ndi kwaulere.