Maola 8 si nthawi ya nsima

Sabata yathayi ndamvanso mawu omwe aja pa windo loperekera mankhwala. Mayi wina anati, "Adokotala, mwanayu anali atayamba kale kusewera, ndiye otsalawo ndasungira mng'ono wake." Mnyamata wina anati dzulo lake anaiwala kumwa, ndiye wangomwa onse pamodzi kuti abweze. Wachitatu anali bambo wachikulire, wophunzira bwino ndithu, amene ndinamupatsa amoxicillin woti azimwa maola 8 aliwonse. Iye amamwera pa tiyi 7 koloko m'mawa, pa nsima ya masana, ndi pa nsima ya 6 koloko madzulo. Werengani nokha: kuchokera 6 koloko madzulo kufika 7 koloko m'mawa ndi maola 13. Amoxicillin amachepa ndi theka m'magazi pa ola limodzi lokha. Pofika pakati pa usiku bamboyu amakhala alibe mankhwala m'thupi, tizilombo tikuswana mwaufulu mpaka mbandakucha.

Abale anga, zimenezi zanditopetsa. Nthawi imene timalemba pa kathumba ka mapiritsi sitimaipeka ayi. Imachokera ku masamu.

Mankhwala asanafike pa windo langa, anthu anawamwa, n'kumatengedwa magazi pakapita theka la ola, ola limodzi, maola awiri, anayi, mpaka tsiku kapena masiku angapo. Akatswiri amayeza kuchuluka kwa mankhwalawo m'magazi nthawi iliyonse, n'kujambula mzere wosonyeza mmene akwerera ndi mmene atsikira. Kenako amalemba masamu otsanzira mzerewo, kuti athe kulosera zimene zingachitike mwa mwana wa makilogalamu 12, mwa mayi woyembekezera, kapena mwa munthu amene impso zake zafooka. Torsten Teorell wa ku Uppsala, m'dziko la Sweden, ndiye anayala maziko a masamu amenewa mu 1937, pamene analiona thupi ngati zipinda zolumikizana zimene mankhwala amadutsamo. Dokotala wa ana wa ku Germany, Friedrich Hartmut Dost, anapatsa phunziroli dzina loti pharmacokinetics mu 1953. Lero ntchitoyi imachitika pa kompyuta, koma maganizo ake ndi omwe aja.

Tengani ndowa yobooka pansi. Ikadzaza, madzi amatuluka mwamphamvu pabowopo, akamachepa, amangodontha. Thupi limataya mankhwala ambiri m'njira yomweyo, ndipo bowolo ndi impso ndi chiwindi. Chinthu chimodzi chimene sichisintha ndi nthawi imene imapita kuti zotsalazo zichepe ndi theka. Mukayamba ndi 100, pakapita nthawi imeneyo patsala 50, kenako 25, kenako 12, 6, mpaka 3. Ikadutsa kasanu, mankhwalawo tingoti atha. Tsopano pandowapo lembanipo mizere iwiri. Madzi akatsika kupitirira mzere wam'munsi, mankhwala sakugwiranso ntchito. Akakwera kudutsa wam'mwamba, asanduka poizoni. Ntchito yonse ya dozi ndi nthawi yake n'kusunga madziwo pakati pa mizere iwiriyi. Wodumphitsa amawatsitsa pansi. Wobweza pomwa awiri nthawi imodzi amawasefukiza, ndipo maola amene thupi linali lopanda mankhwala aja sabwereranso.

Ngakhale Panado amene mumamuona ngati maswitiyu ali nawo mzere wam'mwamba. Munthu wamkulu asapyole magalamu 4 pa tsiku, omwe ndi mapiritsi 8 a 500 mg, ndipo mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol yemweyo mkati. Chowopsa chake n'choti amene wapyola malire amaoneka bwinobwino tsiku loyamba, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete. Mankhwala oteteza chiwindicho amagwira bwino akaperekedwa m'maola 8 oyambirira. Amene amadikira kuti maso achite chikasu amafika mochedwa.

Koma mtima wanga umapweteka kwambiri pa LA, mankhwala a malungo aja, chifukwa ndi amene timasewera naye tsiku ndi tsiku. M'piritsi limodzi lachikasu lija muli mankhwala awiri osiyana khalidwe. Artemether ali ngati mvula yamkuntho: amalowa msanga, amapha tizilombo tochuluka zedi, koma pa maola awiri kapena atatu wachepa kale ndi theka. N'chifukwa chake dozi yachiwiri timati imwedwe pakapita maola 8, osati mawa. Lumefantrine ali ngati dambo. Amalowa pang'onopang'ono, amakakhazikika m'thupi, n'kumatuluka pang'onopang'ono, moti kuti achepe ndi theka pamapita masiku atatu kapena kupyolera apo. Ndiye amatsala akusesa tizilombo tomwe mnzake uja wasiya. Koma dambo silidzaza ndi mvula ya tsiku limodzi. Dozi iliyonse imathira pamwamba pa inzake, ndipo ndi madozi omaliza aja, amene inu mumasungira mng'ono wake, omwe amafikitsa mankhwalawa pa mlingo wotha kumaliza ntchito.

Kachilombo ka malungo oopsa kamatenga maola pafupifupi 48 kuti kakule m'magazi n'kuswa tina. Masiku atatu amene LA amamwedwa anawerengedwa kuti mankhwala apeze mibadwo iwiri ya tizilomboti. Poyamba mankhwalawa ankaperekedwa kanayi kokha, ndipo zinaoneka kuti malungo ankabwerera mwa anthu ambiri, n'chifukwa chake anafika pa madozi 6. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri, n'zoona kuti kutentha kwatsika, koma tizilombo tikadalimo. Pakatha masabata awiri kapena atatu mudzabwera naye atafooka, magazi atachepa, mukunena kuti wagwidwanso ndi malungo ena. Nthawi zambiri si ena. Ndi omwe aja.

Za mafuta ndanena mpaka mawu kusasa. Lumefantrine salowa bwino m'magazi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Sipafunika nyama, kapu ya mkaka, phala lothira nsinjiro, kapena kuyamwitsa mwana n'kokwanira. Kumwera madzi okha m'mimba muli pululu kuli ngati kuthira madzi pambali pa ndowa. Ndipo mapiritsi timawerenga potengera sikelo: limodzi kwa mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14, awiri kwa wa 15 mpaka 24, atatu kwa wa 25 mpaka 34, anayi kwa amene wafika 35. Paketi ya munthu mmodzi siigawidwa. Dziko lathu linasiya chloroquine mu 1993 tizilombo titamuzolowera, linasiyanso SP mu 2007 n'kutenga LA. Ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo tosamva msanga mankhwala a mtundu wa artemether. Kachilombo kamaphunzira kupirira kakamakumana ndi mankhwala ochepa, osakwana kukapha, ndipo sukulu yake ndi madozi osamalizawa.

Bowo la ndowa nalo limasintha kukula. Rifampicin, mmodzi wa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kutaya mankhwala ena mofulumira. N'chifukwa chake amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amapatsidwa piritsi lina loonjezera la 50 mg akayamba mankhwala a TB. Si kulakwitsa kwa anamwino ayi, musalisiye. Rifampicin yemweyo amafooketsanso mapiritsi olera ndi njira yolera yoika pamkono, choncho tiuzeni zonse zimene mukumwa.

Kwa okalamba bowolo limachepa. Pali masamu ena amene Cockcroft ndi Gault anafalitsa mu 1976, amene timayezera mphamvu ya impso, ndipo amayamba ndi kuchotsa zaka za munthu pa 140. Wa zaka 30 atsala ndi 110, wa zaka 80 atsala ndi 60. Ngakhale onsewo alemere mofanana, magazi awo aonetse zofanana, impso za gogoyo zimachotsa mankhwala pafupifupi ndi theka la liwiro la mnyamatayo. Wogulitsa mankhwala pamsika sadziwa zimenezi, ndipo alibe sikelo, alibe choyezera magazi.

Pali agogo ena aamuna amene sindimawaiwala. Anadwala m'mimba, kutsegula ndi kusanza, thupi n'kuuma. Ana awo anaitana munthu wina woyenda ndi chikwama pa njinga, amene m'mudzimo amamutcha adokotala. Iye anayamba kuwabaya gentamicin m'mawa ndi madzulo, dozi ya munthu wamphamvu zake. Gentamicin ndi mankhwala abwino, timapulumutsa nawo miyoyo kuchipatala, koma mizere yake iwiri ija ili pafupi kwambiri, ndipo amatuluka kudzera mu impso zokha. Mwa munthu wa impso zabwino amachepa ndi theka pa maola awiri kapena atatu. Impso zikafooka, pangapite tsiku lathunthu kapena kuposa. Ndiye jakisoni aliyense ankapeza mnzake asanachoke. Choipitsitsa n'choti mankhwalawa akachuluka amawononganso impso zomwezo, bowo n'kumacheperachepera, madzi n'kumakwererakwerera.

Tsiku lachitatu la majakisoniwo mdzukulu wawo anabwera pa windo langa kudzatenga Thanzi. Anandiuza yekha kuti, "Agogo akubayidwa kunyumba, akupezako bwino." Mzere unali wautali. Ndinamufotokozera kasungunulidwe ka Thanzi, ndinamuuza kuti abwere nawo kuchipatala, koma sindinafunse kuti akubayidwa chiyani, ndipo akuwabaya ndani. Funso limodzi lokha. Anabwera nawo patapita sabata ina, atawanyamula, mkodzo ukungodontha, akudzandira ngati aledzera, osamva ngakhale mwana wawo akuwakuwira kukhutu. Impso zinabwererako pang'onopang'ono. Makutu ayi. Tinthu tating'onoting'ono ta mkati mwa khutu tomwe timamva mawu ndi kuthandiza munthu kuima mowongoka tikafa sitimeranso. Agogo amene ankaweruza milandu pabwalo anatsala ongoyang'ana milomo ya anthu. Kuyambira pamenepo aliyense wonena za jakisoni wa kunyumba ndimamuimitsa, mzere utalike bwanji.

Ndikudziwa chimene chimakukokerani kwa anthu amenewa. Chipatala chili kutali, thiransipoti ndi yodula, ndipo ambiri timakhulupirira kuti jakisoni ndiye mankhwala enieni, piritsi n'longonamizira. Jakisoni amangolowa msanga basi, ndipo akalowa simungamusanze. Munthu wa chikwamayo salemba chimene wabaya, safunsa zaka, safunsa ngati wodwala akukodza. Wina amasakaniza mankhwala awiri atatu m'sirinji imodzi. Zinthu zikavuta sapezekanso, ndipo ife timalandira wodwala osadziwa chimene chili m'magazi mwake, chinalowa liti, n'chochuluka bwanji. Popanda zitatuzi masamu athu onse aja sagwira ntchito, timangoyerekeza.

Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akubayidwa kunyumba ndi anthu a zikwamawa, makamaka wokalamba, khanda, kapena wodwala shuga ndi BP, lekezani lero. Mukaona mkodzo wachepa, miyendo kapena nkhope zatupa, m'makutu mukulira, kapena akuchita chizungulire poimirira, musadikire Lolemba. Tolani timabotolo tonse topanda kanthu, ngakhale tomwe mwataya kudzala, ndi mapaketi a mapiritsi ndi mankhwala azitsamba omwe, muike m'jumbo. Kumbukirani tsiku limene jakisoni woyamba anabayidwa ndi ola limene womaliza analowa, mudzatiuze mukangofika.