Musalisiye khanda lilire kuti "lizolowere"

Tsiku la sikelo likafika, kaya ku Ngabu kaya ku Bangula, sipalephera mayi wondifunsa ngati kuli bwino kumusiya mwana alire mpaka atope, kuti asakule wopupuluma. Yankho langa ndi lakuti ayi. Khanda la miyezi itatu silingathe kudzitonthoza lokha. Mbali ya ubongo yogwira mtima imakhwima mochedwa, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Pakadali pano khanda limatsamira pa mtima wa amene walinyamula, ndipo kupirira limakuphunzira podikira pang'ono chinthu chimene chimabweradi.

Pophunzitsa mwana kudikira, chitenje chanu chomwecho ndi chokwanira. Dziphimbeni nkhope, werengani mpaka katatu chamumtima, kenako vundukulani mukumwetulira: "Ndabwera!" Bwerezani. Cha m'ma miyezi 8 mwana amayamba kuzindikira kuti chobisika sichinathe, chilipo. Mudzamuona atatong'ola maso, timanja tili phiriphiri, akudikira. Apo mutha kuchedwerako, kufika kasanu. Akayamba kukwinya nkhope, mwachedwetsa, tulukani msanga. Masewerawa ndimawakonda chifukwa ngakhale m'misasa ya ku Nsanje ndi Chikwawa, namondwe wa Freddy atakokolola katundu mu 2023, mayi wotsala ndi chitenje chimodzi akanatha kuwachita.

Akati "aaa", muyankheni, kenako khalani chete kuti nayenso ayankhe. Abambo ndi agogo, apa mpanu.

M'mawa dzuwa lisanakwiye, yalani mphasa pansi pa mtengo wa nimu, mumugoneke chafufumimba ali maso, inu muli pompo. Ikani chikho patsogolo pake, poti afike atavutikako pang'ono. Musathamangire kumupatsa, koma akalephera musendezereni. Tulo tikamugwira, mutembenuzeni agone chagada.

Dziwaninso poleka. Akatembenuza nkhope, kuyasamula kapena kupinda msana, watopa. Mwezi wa Okutobala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo kulira kumatha kukhala kwa ludzu, osati nkhuli. Wosakwana miyezi 6 muyamwitseni pafupipafupi, madzi ayi.

Chondidetsa nkhawa masiku ano ndi foni. Imatontholetsa msanga, inde, koma siyankha mwana ndipo siimuphunzitsa kudikira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati wosakwana chaka asamaonetsedwe n'komwe. Ngati kulira kwakufikani pakhosi, musamugwedeze mwamphamvu, mutha kuvulaza ubongo wake. Mupatseni mnzanu amubereke, inu mukapume kaye pamthunzi.