Chernobyl: poizoni anadzera mu mkaka

Pa 26 Epulo 1986, ng'anjo ya nambala 4 ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, ku Ukraine (panthawiyo inali mbali ya Soviet Union), inaphulika n'kuyaka masiku pafupifupi 10. Anthu 49,000 a m'tauni ya Pripyat anawasamutsa patatha maola 36, atawauza kuti abwerako pakatha masiku atatu. Chaka chomwecho osamutsidwa onse anakwana 116,000. Koma amene anavulala mochuluka anali ana a m'midzi yakutali, omwe sanawasamutse.

Utsi wa motowo unamwaza ayodini-131, poizoni wa nyukiliya, pamsipu. Ng'ombe zinadya udzuwo, poizoni n'kulowa mu mkaka, ana n'kumwa. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chimakoka ayodini aliyense osasankha, makamaka mwa mwana amene chakudya chake chilibe ayodini wokwanira, ndipo umu ndi mmene zinalili m'maderawo. Chopweteka mtima n'chakuti mphamvu ya ayodini-131 imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse, moti pakatha miyezi iwiri kapena itatu amakhala atatha. Kukanangofunika kuletsa mkaka wamadzi kwa milungu ingapo, kudyetsa ng'ombe udzu wosunga m'nkhokwe, ndi kumwetsa ana ayodini wabwino kuti chithokomiro chikhute. Dziko la Poland linamwetsa ana mamiliyoni m'masiku ochepa. Boma la Soviet Union linachedwa kuchenjeza mabanja okama ng'ombe zawozawo. Pofika 2005, anthu oposa 6,000 a ku Belarus, Ukraine ndi Russia, omwe anali ana panthawi ya ngoziyo, anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro.

Chimene chikutsekabe minda ndi siziyamu-137, poizoni winanso wa nyukiliya, yemwe mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 30. Mbewu zimamuyamwa ngati potaziyamu, makamaka m'dothi lamchenga ndi lam'madambo la ku Polesia, dera la m'malire a Ukraine ndi Belarus. N'chifukwa chake alimi amagalauza nthaka mozama, kuthira laimu ndi feteleza wa potaziyamu wambiri kuti mizu isamutole, komanso kupatsa ng'ombe mankhwala a Prussian blue omwe amamugwira m'matumbo n'kutuluka naye m'ndowe.

Nkhalango ndiye silimika. Siziyamu amangozungulira pakati pa masamba ogwa, bowa ndi zipatso zam'tchire, zomwe osauka a kumeneko amadalira. Ngakhale kutali ku Britain, komwe mvula inagwetsa poizoniyu m'mapiri a Wales ndi Cumbria, lamulo loyeza nkhosa zisanagulitsidwe linachotsedwa mu 2012.